Kodi Mtima Uphunzitsidwa?

Tsiku lina m'mamaŵa, dzuŵa lisanatuluke bwino, ndinaima pafupi ndi mpopi wina wa m'Mandevu kudikira mdzukulu wanga amene anapita kukatunga madzi. Mzere wa zigubu unali wautali, pakuti madzi anali atavuta masiku aŵiri. Mwadzidzidzi panabuka mkangano pakati pa atsikana aŵiri a misinkhu yofanana. Wina anati cigubu cace cinagona pamzerepo kuyambira usiku. Mnzace anati cigubu si munthu, sicingagwire malo, ndipo iye ali kucedwa ku sukulu. Mau anakwera, anthu anayamba kuunjikana monga acitira akamva fungo la ndeu, ndipo ena anali kusonkhezera moto ndi kuseka. Pamenepo kamtsikana kena ka zaka ngati 12 kanacoka pamalo pace kutsogolo, nikati kwa wa sukuluyo, "Akulu anga, imani pamalo panga pano, ine ndiloŵa masana." Ndipo kanatembenukira kwa mwini cigubu nikati, "Inu khalani pomwepo, ine ndiima pambuyo panu." Ndeu inathera pomwepo. Palibe amene anataya malo koma kamtsikanako kokha, ndipo okonda kuonerera anabalalika ali okhumudwa. Mai wina wokalamba amene anali pambali panga anapukusa mutu nati, "Mwana uyu ali ndi nzeru."

Mau a mai uja anandikhala mumtima, cifukwa kamtsikanako ndinali kukadziŵa. Ku sukulu kanali kumcira kwa kalasi. Masamu anali kukazunguza, ndipo Cingerezi kanali kuciŵerenga monga munthu woyenda pa minga. Tikadafunsa aphunzitsi ace, mau akuti nzeru sakadawachula. Tsono analakwa ndani, mai wa pampopi kapena mwini kaundula? Ndipo pali funso lina lalikulu kuposa limeneli. Cinthu cimene mai uja anaona, kodi munthu amabadwa naco monga abadwa ndi khungu lace, kapena cingaphunzitsidwe monga tiphunzitsa kulemba ndi kuŵerenga?

Inu amene mwatsiriza sukulu caka cino kapena catha mungayese kuti funso lotere ndi la nkhalamba zosoŵa cocita. Si tero ai, pakuti funsoli laloŵa kale m'mabuku a boma. M'caka ca 2023 Unduna wa Maphunziro muno m'Zambia unalemba dongosolo latsopano la zimene ana ayenera kuphunzira, ndipo linayamba kugwira nchito mu 2025 m'makalasi a ana aang'ono, m'Giredi 1 ndi m'Fomu 1. Pakati pa maluso amene dongosololi lifuna kuti mwana atuluke nao m'sukulu pali luso la kugwirizana ndi anzace, luso la kulankhulana bwino, ndi luso la kuzindikira zimene zili kucitika mumtima mwace ndi m'mitima ya ena, ndi kudziŵa cocita nazo. Ndiye kuti ang'ono anu ayenera kuphunzitsidwa cinthu cimene inu ndi ine sitinacione pa bolodi. Ambiri a inu mudzakhala makolo posacedwa, ena aphunzitsi. Mlanduwu ndi wanu.

Si ife oyamba kuzunguzika nao. Zaka zoposa 2,300 zapitazo, ku Greece, Plato analemba buku lochedwa Meno, m'mene mnyamata afunsa Socrates ngati ukoma ungaphunzitsidwe, ndipo atakambirana nthaŵi yaitali alekana osagwira yankho lokhutiritsa. Cimene cinavuta Socrates n'cakuti anthu abwino ochuka a mumzinda wa Athens analephera kupatsira ana ao ubwino wao, ngakhale anakhoza kuwaphunzitsa kukwera akavalo ndi kulimbana. Nafenso tiziona zimenezi: mwana wa mbusa ali ku ndende, mwana wa cidakwa ali kulera amasiye. Aristotle, wophunzira wa Plato, ndiye anayankha kuti khalidwe limabwera mwa kucita kaŵirikaŵiri kufikira cinthuco cikhale cizoloŵezi, monga umisiri uloŵera m'manja. Ine ndiyesa kuti Aristotle akadanena mau amenewa ku Katete sakadadabwitsa munthu.

Ndachula Katete mwadala. Kuyambira m'zaka za m'ma 1970, Robert Serpell wa pa Yunivesite ya Zambia anayenda m'midzi ya Aceŵa m'boma limenelo kufuna kudziŵa cimene akulu amatanthauza akati mwana ali ndi nzeru. Sanawafunse za m'mwamba. Anawapatsa zitsanzo za nchito zimene zingagwe pamudzi, nawafunsa kuti mwa ana amene awadziŵa angatume uti, ndipo cifukwa ninji. Zimene anapeza anazilemba m'buku la mu 1993 lochedwa The Significance of Schooling. Kwa akulu aja nzeru inali ndi miyendo iŵiri. Mwendo woyamba ndi kucenjera, ndiko kugwira zinthu msanga m'mutu. Waciŵiri ndi kutumikira, ndiko kumva, kukhulupirika, ndi kusenza nchito imene anthu ena adalira. Mwana wocenjera koma wosatumika anali Kalulu wa m'nthano, amene timseka koma sitingamsungitse nkhokwe. Anapezanso kuti ana amene akulu anawasankha sanali kwenikweni aja amene anapambana pa mayeso amene iye anawapatsa.

Mai wa pampopi, tsono, anali kulankhula cinenero cakale cimeneci. Amene amati kuphunzitsa mtima ndi nzeru ya alendo aiŵala kuti cimene cinadza ndi alendo ndi sukulu yoyenda ndi mwendo umodzi. Inasankha mwendo wa kucenjera cifukwa ndiwo uyesedwa pa pepala, ndipo winawo inausiyira katekisimu ndi cikoti.

Kumudzi kunalibe ola la phunziro la khalidwe, pakuti tsiku lonse linali phunzirolo. Mtsikana wa zaka 7 anali kubereka mng'ono wace, ndipo msana wace unaphunzira kusiyanitsa kulira kwa njala ndi kulira kwa tulo iye asanadziŵe kuchula mau akuti cifundo. Mnyamata kubusa anaphunzira kugaŵa mbeŵa zitatu pakati pa anthu asanu. Pa bwalo ana anakhala kumbuyo, namva m'mene ankhoswe azimira moto wa m'banja, m'mene wolakwa agwirira mwendo, ndi m'mene wolakwiridwa alandirira nkhuku naleka kukumba zakale. Pamaliro anaona kuti cisoni acisenza ambiri. Cinamwali ndi dambwe zinali kungomanga mfundo pa cingwe cimene cinapotedwa kale. Sindifuna kukunamizani kuti zonse zinali uci. Kunalinso nkhanza, mtsikana anauzidwa kaŵirikaŵiri kuti ulemu ndiko kukhala cete, ngakhale pamene anayenera kufuula, ndipo wamasiye anadya mkute masiku ambiri. Koma mwana aliyense anali ndi maso ambiri omuona, ndi makutu angapo amene akadathaŵirako.

Nanga m'Mandevu? Dzina lenilenilo litikumbutsa kuti tonse ndife obwera. Anthu amati linacokera ku ndevu za amuna a mpingo wa Apositoli ocokera ku Southern Rhodesia, amene ameta mutu nasunga ndevu. Otsatira a Johane Masowe, amene anakhala zaka zambiri ku Korsten mumzinda wa Port Elizabeth akuluka madengu ndi kusula zitini, anapitikitsidwa ku South Africa mu 1962, ndipo ambiri anadzakhazikika ku Marrapodi, pafupi ndi ife pano. Mtsogoleri waoyo anamwalira ku Ndola mu 1973. Kwa nthaŵi yaitali anthu aŵa sanakonde sukulu za boma, ndipo ine monga mphunzitsi sindingawayamike pa cimeneco. Koma ndiyenera kuvomera kuti mwana wao, wokhala tsiku lonse pambali pa atate wace kukhoma ndowa ndi mbaula, anaphunzira kuleza mtima, kumaliza nchito, ndi kulankhula ndi wogula, zimene ana ambiri a m'kalasi mwanga sanaziphunzire kwa ine. Iwo anabwera ndi mudzi wao wonse. Enafe tinabwera mmodzimmodzi, wina kucokera ku Petauke, wina ku Kasama, wina ku Mongu, ndipo bwalo, ankhoswe ndi ambuya tinawasiya m'mbuyo.

Taonani moyo wa mwana wa m'Chaisa, m'Garden kapena m'Chipata lero. Banja lonse ligona m'zipinda ziŵiri za lendi, ndipo pakhomo limodzi pali mabanja anai olankhula zinenero zinai, amene angasamuke mwezi wa maŵa. Amai acoka tambala asanalire kukaoda ndiwo ku Soweto Market. Atate, ngati alipo, abwera usiku atatopa. Mwambi wakuti mwana wa mnzako ngwako yemwe wafooka, pakuti amene adzudzula mwana wa mnansi masana aopa kuti madzulo adzatukwanidwa pakhomo pace. Koma mwana sakhala wopanda mphunzitsi. Akasoŵa ambuya, amene amphunzitsa ndi oitanira mabasi pa siteshoni, nyumba zochovera njuga ya mpira, foni ya m'manja, ndi magulu a anyamata aja amene tiwacha majanki. Boma linaletsa tujilijili mu 2012, koma ludzu limene linali kugulitsa timapaketi tija silinaletsedwe. Ndaceza ndi anyamata otere kangapo. Camba ndi gaŵo laling'ono la zimene gulu liwapatsa. Liwapatsanso dzina, malo, ndi anthu amene amafunsa iwo akapanda kuoneka. Funso lathu tsono lasintha nkhope. Mtima wa mwana uli kuphunzitsidwa kale tsiku ndi tsiku, ndipo cotsala ndi kudziŵa amene ali kuuphunzitsa.

Ndico cifukwa cace maso onse atembenukira ku sukulu, pakuti ndiyo bwalo lokha lotsala kumene ana a mitundu yonse akhala pamodzi pansi pa munthu wamkulu. Kuyambira mu Januwale 2022, pamene boma la Pulezidenti Hakainde Hichilema linacotsa malipiro a sukulu kufikira Giredi 12, ana ambiri amene anali pakhomo anabwerera m'kalasi. Cinali cinthu cabwino, ndipo caka comweco boma linalemba nchito aphunzitsi oposa 30,000. Koma m'makomboni zipinda zinadzala kotero kuti ana ena anakhala pansi, ndipo mphunzitsi angathe kutsiriza temu asanagwire maina a ana ace onse. Cikoti naco cinacoka kale. Cinaletsedwa m'sukulu mu 2003, ndipo lamulo la maphunziro la mu 2011 linakhomera msomali. Aphunzitsi anzanga akale amadandaula kuti anawalanda cida osawapatsa cina. Theka la dandaulo limeneli n'loona. Theka linalo ndiliyankha ndi nkhani yanga, imene sindikondwa kuisimba.

Ndili mphunzitsi wacinyamata, m'zaka za m'ma 1990, ndinali ndi mnyamata m'Giredi 6 amene anali kugona m'kalasi pafupifupi tsiku lililonse. Ndinamcenjeza kaŵiri. Kacitatu ndinamuitana kutsogolo ndi kumkwapula zikoti zisanu ndi cimodzi anzace akuona, ndipo sanalire, cimene cinandikwiyitsa koposa. Patapita masiku sanabwerenso. Pambuyo pace ndinamva kuti amai ace anali gone ndi matenda aja amene anatha anthu ambiri masiku amenewo, amene sitinali kuwachula dzina, ndi kuti mnyamatayo ndiye anali kuwatembenuza usiku, kuwacapira nsalu, ndi kuphikira alongo ace phala asanabwere kwa ine. Mwana amene akulu a ku Katete akadamsankha poyamba pa ana onse, ine ndinamkwapula cifukwa ca ulesi. Funso limodzi lokha, lakuti "Kodi kunyumba kuli bwanji?", likadakwanira. Sindinalifunse cifukwa ku koleji anandiphunzitsa kukonza phunziro ndi kusunga kaundula, koma kuyang'ana nkhope ya mwana palibe anandiphunzitsa. Ndiponso, kunena zoona, cifukwa cikoti cinali pafupi kuposa funso. Cikoti cimaphunzitsa ndithu, koma phunziro lace ndi limodzi, lakuti wamphamvu safunsa.

Ngati cikoti sicingathe, kodi pali umboni wakuti njira ina ingathe? Ulipo, ngakhale tiyenera kuulandira ndi maso otseguka. Mu 2011 Joseph Durlak ndi anzace ku America anasonkhanitsa zotuluka za mapologalamu 213 ophunzitsa ana kudziletsa, kumvetsa anzao ndi kuthetsa mikangano, okhudza ana oposa 270,000. Anapeza kuti makhalidwe oipa ndi nkhaŵa zinacepa, ndipo, cimene cinadabwitsa ambiri, ngakhale zotuluka za mayeso a m'kalasi zinakwera: mwana wapakati pa ana 100 anadumpha anzace ngati 11. Anaonanso kuti maphunziro amene anathandiza kwambiri ndi aja amene ana anali kuyeseza ndi kucita mwa dongosolo. Koma ambiri a ana amenewo anali a ku America, m'makalasi a mipando yokwanira, ndipo munthu wa m'Mandevu ali ndi ufulu wofunsa ngati mbeu ya kumeneko ingamere m'dothi lathu.

Mwamwaŵi mbeuyo inayesedwa muno m'Lusaka momwe. Mu 2013 munayamba kafukufuku, amene olemba ace ndi Nava Ashraf, Natalie Bau, Corinne Low ndi Kathleen McGinn, pakati pa atsikana oposa 2,000 a m'Giredi 8 m'sukulu za boma za mumzinda uno. Inali nthaŵi imene malipiro anali asanacotsedwe, ndipo atsikana ambiri anali kulekera pa Giredi 9. Anawagaŵa mwa maere. Ena anangouzidwa za phindu la sukulu ndi za kudziteteza ku matenda. Ena anapatsidwa malo osonkhana ndi kuceza pamodzi ndi mlangizi wamkazi. Ena anaphunzitsidwa, m'misonkhano 6 pa milungu iŵiri akaŵeruka, luso la kukambirana ndi munthu amene ali ndi mphamvu pa iwe. Phunzirolo linali ndi makwerero anai: dziŵa cimene iwe ufunadi ndi cifukwa cace, funa kudziŵa cimene winayo afuna, onani pamene zofuna zanu zikumana, ndipo mangani njira imene nonse aŵiri mupindula nayo.

Tiyerekeze. Atate ati, "Caka ca maŵa ndalama za sukulu palibe." Mtsikana wosaphunzitsidwa ali ndi njira ziŵiri zokha, kugwada ndi kukalirira kuseri, kapena kupsa mtima ndi kuchedwa wamwano. Wophunzitsidwa adikira atate adye, nafunsa mwaulemu cimene cawavuta. Kapena apeza kuti cowalemera ndi mwezi wa Januwale wokha, pamene lendi ndi yunifomu zigwa pamodzi. Kapena kuti aopa kutaya ndalama pa mwana amene adzatenga pathupi. Kapena kuti asoŵa wokhala pa kantemba masana. Ciliconse mwa izi cili ndi mankhwala ace, koma mankhwala sapezeka nthenda isanadziŵike. Zotuluka za kafukufukuyo zinasindikizidwa mu 2020. Atsikana amene anangouzidwa mau sanasiyane ndi aja amene sanauzidwe kanthu. Amene anaphunzira kukambirana anapitirira bwino m'maphunziro kwa zaka zitatu zotsatira, ndipo phindulo silinazilale. Misonkhano 6 yokha! Apa Aristotle ndi akulu a ku Katete agwirana canza, pakuti kuuza mwana cabwino sikumpatsa mphamvu ya kucicita.

Pali makolo amene akamva izi amakaika. Bambo wina, mnansi wanga, anandiuza kuti, "Aphunzitsi, inu mufuna kuti ana athu azitiyankha. Ife tinakula osayang'ana atate m'maso, ndipo tinakhala anthu." Sindinawanyoze, pakuti mantha ao ali ndi maziko, tonse taona ana amene aphunzira mau akuti ufulu asanaphunzire mau akuti pepani. Koma ndiyesa kuti asokoneza zinthu ziŵiri zofanana nkhope, ulemu ndi mantha. Mwana wamantha ndi mwana waulemu onse agwada popereka madzi. Kusiyana kwao kuoneka tsiku limene munthu wamkulu agwira mtsikana mosayenera, kapena anzace akakamiza mnyamata kunyamula katundu wakuba. Wamantha akhala cete, cifukwa kukhala cete ndiko kokha anaphunzira; waulemu apeza mau, napezanso munthu womuuza. Ndiponso taonani kuti khwerero laciŵiri la atsikana aja linali kumvetsa mtima wa kholo. Ndi ulemu uti woposa uwu, kuti mwana afunse cimene cilemetsa atate wace? Makolo athu omwe anali anthu okambirana. Mlandu wa mbuzi unali kutha masiku aŵiri pa bwalo. Cimene talakwa ife ndi kuyesa kuti luso limeneli limera lokha pamodzi ndi imvi.

Cotsutsa cimene cimandisoŵetsa tulo ndi cina. Mu Januwale 2024 kolera inagwira Lusaka kotero kuti bwalo la mpira la National Heroes, limene tiliona tikaima pa mseu wa Great North, linasanduka cipatala, ndipo sukulu sizinatsegulidwe kufikira pa 12 Febuluwale. M'dziko lonse anafa anthu oposa 700. Mwa ana amene anabwerera m'kalasi mwezi umenewo, ena anali ataika amai ao popanda mwambo wonse wa maliro. Kodi mwana wotere, amene zimbudzi zisefukira pakhomo pace dzinja lililonse, timuuze kuti apume mpweya katatu ndi kuleza mtima? Kodi kutero si ndiko kuphunzitsa osauka kupirira zimene siziyenera kupiriridwa, kuti okhala m'mipando agone bwino? Ndivomera kuti ngozi imeneyi ilipo. Phunziro la mtima likasanduka phunziro la kufatsa kokha, likhala cikoti cina, cofeŵa koma ca nchito yomweyo.

Koma kulamulira mkwiyo sindiko kuupha. Dziko lino linamasulidwa ndi anthu okwiya. Mu 1960 Mama Julia Chikamoneka ndi akazi anzace anavula malaya pamaso pa Iain Macleod, nduna ya Britain yoyang'anira maiko olamulidwa ndi Angerezi, pamene anafika ku Lusaka. Umenewo unali mkwiyo, koma wodziŵa mwini mlandu, tsiku lace, ndi cimene ufuna. Mkwiyo wa mnyamata wa m'gulu la majanki ucokera ku njala ndi manyazi enieni, koma ugwera mai wogulitsa tomato amene ali wosauka monga iye. Moto ndi umodzi. Wina waphika nao nsima, wina watentha nao nyumba ya mnansi. Mwana amene aphunzira kuchula cimene cimpweteka, ndi kufunsa kuti cacokera kuti, ndiye adzatha kuima pamsonkhano wa khansala ndi kufunsa za ngalande. Sindinena kuti phunziroli lidzakumba ngalandezo kapena kudzaza mimba. Amene ati tiphunzitse mtima kuti tileke kumanga zimbudzi ndi makalasi, ameneyo ndi Kalulu, ndipo timkane.

Catsala cinthu cimodzi cimene ndiopa monga munthu wodziŵa sukulu zathu. Ife cimene sicibwera pa mayeso sitiphunzitsa, ndipo cimene cibwera pa mayeso timaciloŵeza. Luso la mtima likakhala mutu wa m'buku, posacedwa tidzaona mwana wolemba mitundu isanu ya cifundo osaphonya, amene potuluka aseka mnzace wacibwibwi. Ndipo kamtsikana ka pampopi kadzalephera mayeso amenewo. Njira imene ndiiona ndi ya kubweza ku sukulu cimene mudzi unali kucita, ndiko kupatsa ana nchito yeniyeni imene anthu ena adalira. Ku Mpika, pa sukulu ya Kabale, m'zaka za m'ma 1990, mphunzitsi Paul Mumba anayesa zotere mwa njira yochedwa Child-to-Child. Ana a sukulu anali kutsata kakulidwe ndi thanzi la ana aang'ono a kwao, ndi kuphunzira m'timagulu m'mene wofulumira anali kuthandiza wotsalira. M'kalasi lodzala mphunzitsi sangakhale ambuya a onse, koma angathe kupanga akulu ndi ang'ono. Angathe kuimika aŵiri okangana kuti aliyense asimbe mlandu wa mnzace, kufikira mnzaceyo avomere kuti wamveka. Ndipo angathe, tsiku limene walakwira mwana, kunena pepa pamaso pa kalasi, cimene aphunzitsife ticiopa kuposa woyendera sukulu.

Komabe Socrates sanazunguzike pacabe. Cimene sukulu ingathe kupatsa mwana ndi luso, ndipo luso litumikira aliyense amene aligwira. Wakuba wa pa foni, amene anyenga nkhalamba kuti imtumizire ndalama, adziŵa bwino lomwe kuŵerenga mtima wa munthu, ndipo aleza mtima kuposa msodzi. Ameneyo ali ndi makwerero onse anai, koma wabwerera ku mwendo wa kucenjera. Kufuna zabwino za mnzako, kumene kunacotsa kamtsikana kaja pamalo pace, sindinaonepo kukuloŵa mwa munthu ndi coko. Kumene ndakuona, kwakula mwa ana amene wina anawasamala, kapena amene anasenza wina nazindikira kulemera kwace. Pamenepo mphunzitsi angalime ndi kuthirira, koma sangalonjeze kholo lililonse zokolola, pakuti ana a mimba imodzi amasiyana.

Mnyamata uja ndinamkwapula ndinakumana naye caka catha. Ndi kalipentala tsopano, ali ndi imvi pang'ono, ndipo apanga mipando ndi mabedi m'mbali mwa mseu kuno kwathu, pamodzi ndi anyamata atatu ophunzira nchito. Iye ndiye anayamba kundizindikira. Anapukuta mpando ndi malaya ace nati, "Khalani, aphunzitsi." Ndili cikhalire, mmodzi wa anyamatawo anadula thabwa la mukwa mofupikitsa, thabwa la ndalama zambiri. Ndinaona nkhope ya mmisiriyo ikusintha, ndipo ndinadikira. Anaika nyundo pansi, nayang'ana kumbali kanthaŵi, kenaka anafunsa mnyamatayo kuti, "Wadya lero?" Mnyamata anapukusa mutu. Anamtuma kukagula zitumbuwa, nati akabwera aone aŵiri cimene cingatuluke m'thabwa lalifupilo. Ndinafuna kumfunsa kumene anaphunzira funso limenelo, pakuti kwa ine sanaliphunzire. M'malo mwace ndinamkumbutsa za tsiku lija la zikoti, ndipo ndinati, "Mwana wanga, ndinakulakwira." Anakhala cete nthaŵi yaitali akupalasa utuci ndi phazi. Pomaliza anati amai ace anamwalira mwezi womwewo, ndi kuti palibe wa ku sukulu anabwera pamaliro. Zitumbuwa zitafika anandipatsa ziŵiri, ndipo tinadya.